Kodi chipani chomwe chili m'boma chingalole kusintha kavotedwe ka aphungu?

WaKuNtchisi

Abale anga ndili ndi funso landizunguza mutu chibwerere ku maliro a malume sabata yatha, mukudziwa kale kuti pa siwa nkhani zimayambira pa mtengo wa feteleza nkukathera pa ndale. Tili pamoto chapakati pausiku mkulu wina anayamba kudandaula kuti phungu wakwathu anthu ambiri sanamuvotere, anaima anthu ambirimbiri mavoti nkugawikana iye anangoposa wachiwiri wake pang'ono pokha basi uyo waupeza wa ku Lilongwe, pomwe ukaphatikiza mavoti a enawo akumuposa kutalitali. Nde mkulu uja akuti bwanji 50+1 ija, yoti wopambana azipeza mavoti oposa theka, inangothera kwa pulezidenti yekha, aphungu ndi makhansala akulowabe ndi njira yakale ija yoti amene watsogola olo ndi voti imodzi watenga zonse. Ine ndinangoti kukamwa yasa, ndinalibe choyankha.

Chomwe ndikufunsa ndi ichi, lamulo ngati limeneli silingasinthe popanda chipani cholamula kuvomera, makamaka ngati likukhudza malamulo aakulu a dziko poti pamafunika aphungu awiri mwa atatu alionse. Nanga iwowo poti analowa ndi njira yomweyi, ali ndi chifukwa chanji choti aisinthe? Kodi ndi nzeru kuti chipani chili m'boma chithandize zosintha kavotedwe kapena nkudzipha chokha? Sindikunena chipani chakuti kapena chakuti, aliyense amene wakhala pampando. Chonde tisatukwanane, ndikufuna ndimve mfundo.

MphunzitsiWopuma

Mwana wanga wafunsa funso labwino ndipo yankho lake lili mu mbiri yathu yomwe, sitikufunika kupita kutali. Ine ndavota zisankho zonse kuyambira riferendamu ya 1993 nde ndilole ndikukumbutse pang'ono.

Mu 1994 a Bakili Muluzi anapambana ndi 47%, mu 2004 a Bingu analowa ndi pafupifupi 36%, mu 2014 a Peter Mutharika 36.4%. Tanthauzo lake mu 2004 ndi 2014 mwa anthu atatu alionse omwe anaima pamzere padzuwa, pafupifupi awiri sanamufune munthu amene analumbira uja. Anthu anadandaula mpaka Law Commission inakhazikitsa gulu lapadera lounika malamulo a zisankho, lotsogozedwa ndi a Justice Anthony Kamanga, ndipo mu 2017 linatulutsa lipoti loti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka. A PAC anachita kuopseza ndi zionetsero kuti mabilu alowe mu Nyumba ya Malamulo. Boma la DPP linawabweretsadi mu December 2017, koma aphungu a mbali ya boma yomweyo mothandizidwa ndi ena nkuwagwetsanso. Mwana kumubereka wekha nkumutsamwitsa wekha. Nthawi imeneyo a MCP ndi amene amafuula kwambiri kuti 50+1 ibwere.

Kenako 21 May 2019, a Mutharika 38.57%, a Chakwera 35.41%, a Chilima 20.24%, za tipeksi zija mukuzidziwa nonse, miyezi yambirimbiri ya mademo, mashopu kuphwanyidwa, ana osapita ku sukulu. Pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho nkunenanso kuti mawu oti majority mu gawo 80 la malamulo aakulu a dziko akutanthauza kuposa theka la mavoti onse, Supreme Court nkuvomereza pa 8 May. Chomwe aphungu anakana mwaulemu chinabwera kudzera ku khothi, dziko litapweteka kale. A Chakwera ndi Tonse anapambana pa 23 June 2020 ndi pafupifupi 59%.

Tsono taona chomwe chinachitika pa 16 September 2025. Lamulo lomwe DPP inkaliopa ngati njoka lija ndi lomwe a Mutharika anabwerera nalo ndi 56.8% ulendo umodzi, opanda chibwereza, ndipo palibe amene akanawanena kuti ndi pulezidenti wa chigawo chimodzi. MCP yomwe inkalimenyera inagwa nalo lomwelo ndi 33%. Akulu anati chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Chipani chikamawerengera kuti lamulo ili litipweteka ife lithandiza awo, chimakhala chikuwerengera ndi manambala a chisankho chapitacho, pomwe Amalawi amasintha maganizo zaka zisanu zilizonse. Nde ine yankho langa ndi loti eya chiyenera kuthandiza, ndipo nthawi yabwino ndi chaka choyamba kapena chachiwiri chili ndi mphamvu, chisankho chikadali kutali, osati kudikira miyezi isanu yomaliza pomwe chilichonse chomwe boma labweretsa anthu amachiona ngati chiwembu.

Kabaza_Boss

Madala ulemu wanu koma zomwe mwalembazi ndi za mkalasi kkkk. Ndale za pansi pano fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phungu wagulitsa galimoto, wakongola kwa akatapila, wagula zitenje ndi matisheti, wadyetsa anthu nthawi ya mapulaimale, nde alowe mnyumba muja akakweze dzanja kuvomera lamulo loti ulendo wamawa azipeza theka la mavoti pomwe akudziwa kuti anadutsa ndi ochepa? Sizingatheke aise. 50+1 ya pulezidenti imapweteka munthu mmodzi, ya aphungu ikupweteka anthu 229 omwe ndi omwewonso akuyenera kuivotera.

Komanso ndalama zake zichokera kuti. Mapepala ovotera timakasindikiza ku Dubai ndi foleksi yomwe tilibe, mafuta tikugona nawo pamzere pa filing'i. Tiyerekeze theka la madera palibe wafika 50+1, ndiye kuti tibwerenso kachiwiri, aphunzitsi alipidwenso ma alawansi, apolisi, asilikali, malole onyamula mabokosi. Ndipo ulendo wachiwiriwo anthu sabwera, onani zisankho zachibwereza za makhansala mmene kumakhalira zii pa senta, mamonita kuchuluka kuposa ovota. Ine boma litati lisiye zimenezi ligule mankhwala mzipatala sindingalinene.

WaKuNtchisi

Amwene a Kabaza mfundo ya ndalamayo ndaimva ndipo ndi yoona. Koma kusintha sikuti ndi 50+1 yokha, ndimamva kuti maiko ena savotera munthu amavotera chipani nde mipando amagawana malinga ndi mavoti, kopanda chibwereza. Alipo ali ku Joni atiuze mmene zimayendera?

MlongoWaKuJoni

Ndilipo achimwene, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano ndili ku Johannesburg. Ine sindivota kuno poti si nzika koma ndimakhala ndi anthu ovota, nkhani zake timamva tsiku ndi tsiku mu taxi. Kuno nyumba ya malamulo ili ndi mipando 400, chipani chilichonse chimapereka mndandanda wa maina, mukapeza mavoti 10% ndiye kuti mipando yanu ili cha mma 40, amangowerenga kuchokera pamwamba pa mndandandawo kutsika mmusi. Mu 2024 ANC inapeza 40% nkutenga mipando 159, DA 87, MK ya a Zuma 58, EFF 39. Koyamba chiyambire 1994 ANC inalephera kufika theka nde inakakamizika kupanga boma la mgwirizano ndi DA ndi tizipani tina. Kumbali ya chilungamo cha manambala palibe chonena, voti yako siitayika olo ukhale dera lomwe chipani chako chilibe anthu.

Koma ndikuuzeni mbali inayo. Mayi amene ndimagwira nawo ntchito ndinawafunsa tsiku lina kuti phungu wanu ndani, anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi, akuti phungu wanga wa chani, ine ndinavotera chipani. Madzi akasiya kutuluka amathamangira kwa khansala wa wadi poti ndi yekhayo amene anamusankha ndi nkhope. Phungu amaopa amene amalemba mndandanda ku likulu la chipani, saopa ovota, ukalimbana ndi abwana ulendo wamawa dzina lako likupezeka pa nambala 180. Nde taganizani zimenezo ku Malawi komwe zipani zili ngati munda wa banja, mtsogoleri ndi alamu ake ndi amene azilemba mndandanda? Kwathu phungu olo akhale wopanda nzeru bwanji timadziwa geti la nyumba yake, maliro akagwa 5 koloko mmawa anthu ali kale pakhonde kudikira bokosi ndi galimoto. Sindikuti ndi ntchito ya phungu imeneyo koma ndi kachingwe kokhako komwe anthu akumudzi amamugwirira.

Chipani cholamula ku Malawi chitamvetsa bwino njira ya kunoyi mwina chikhoza kuikonda zedi, chifukwa oima paokha onse aja atha ndipo aphungu azigwada kwa mtsogoleri kuposa panopa. Nde musamangoti kusintha kusintha, muzifunsa kuti kusintha kwake kukupatsa mphamvu ndani.

NamwinoKuLeicester

Ine ndingowonjezerapo za kuno ku UK poti njira yomwe tikuvutika nayoyi tinatengera kwa iwowa. Chisankho cha July 2024 Labour inapeza mavoti osafika ndi 34% yomwe koma inakokolola mipando 411 mwa 650. Reform UK inapeza 14% nkutenga mipando 5 yokha. Ndinali pa naiti tsiku limenelo, mnzanga mzungu amaonera pa foni mpaka anangoti izi ndi masamu a kuti. Chosangalatsa nchoti mamembala a Labour pa msonkhano wawo waukulu mu 2022, akadali otsutsa, anavomereza kuti chipani chithandize njira yogawana mipando malinga ndi mavoti, koma a Starmer anati si nkhani yofunika msanga, atalowa m'boma ndi mipando yonseyo nde nkhaniyo inangoti zii. Mu 2011 kunali riferendamu yosintha pang'ono kavotedwe, anthu pafupifupi 68% anakana. Ku Canada nakonso a Trudeau analonjeza pa kampeni ya 2015 kuti chimenecho ndi chisankho chomaliza cha njira yakaleyi, pofika 2017 anabweza mawu. Nde a Kabaza sakunama, matendawa si a ku Malawi kokha, munthu akakhuta amaiwala kuti dzulo amalira njala.

Komabe ine ndili mbali ya aphunzitsi. New Zealand anasintha, anthu anavota pa riferendamu mu 1993 ndipo kuyambira 1996 akugwiritsa njira yosakaniza mipando ya madera ndi yogawira zipani, dziko silinagwe.

MphunzitsiWopuma

Mayi a ku Joni mwanena zakupsa, ndipo ndi chifukwa chake ine sindingafune njira ya ku South Africa momwe ilili. Koma pafupi pomwepo pali Lesotho. Mu 1998 chipani cha LCD chinapeza mavoti pafupifupi 60% koma nkutenga mipando 79 mwa 80, otsutsa omwe anali ndi mavoti ambiri ndithu anangotsala ndi umodzi. Maseru inayaka moto mpaka asilikali a South Africa ndi Botswana analowererapo. Atakhala pansi anagwirizana zosakaniza, mipando 80 ya madera ikhalebe kuti munthu azidziwa phungu wake, nkuwonjezera 40 yogawira zipani zomwe zapeza mavoti koma mipando ya mmadera yawachepera, nkuyamba kugwiritsa ntchito mu 2002. Chipani cholamula chinavomera, koma taonani chinavomera nyumba zitapsa kale, chimodzimodzi ife 2019. Sindibisa, nawonso zawo sizinayere, andale anapeza kobera mu 2007 pomapanga migwirizano yachinyengo ndi tizipani ting'onoting'ono kuti adye mbali zonse ziwiri, ndipo maboma a mgwirizano akhala akugwa pafupipafupi, anavota 2012, 2015 komanso 2017. Palibe njira yoti andale sangaipezere kabowo.

Koma a Kabaza, chifukwa chenicheni chomwe chipani cholamula kwathu kuno sichilabadira za kavotedwe ka aphungu si ndalama za ku Dubai ayi. Nchoti sichifunika kupambana mipando yambiri pa tsiku lovota, chimakakolola pambuyo pake. Mu 2019 DPP inapeza mipando 62 mwa 193, MCP 55, oima paokha 55. Oima paokhawo ambiri ndi anthu omwe anaberedwa kapena kugwa pa mapulaimale a zipani zomwezo, akangolumbira mumva akuti anthu akwathu andituma kuti ndigwire ntchito ndi boma la lero pofuna chitukuko. Ndani anawatuma, msonkhano wake unachitikira pansi pa mtengo uti? A Bingu atachoka mu UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP aphungu anakhamukira komweko, nkhani ya gawo 65, lochotsa phungu pampando akasiya chipani chake nkulowa china, inafika pogwira bajeti miyezi. Atamwalira mu April 2012 omwewonso mmawa mwake anali atavala olenji kwa amayi Joyce Banda. Gawo 64 lomwe limapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu asanathe zaka zake aphungu analichotsa okha mu 1995, Senate nayo anaifafaniza mu 2001 isanakhale ndi tsiku limodzi lomwe. Njira ilipoyi imakomera aliyense amene wagwira thumba la boma, nde akaluza ndi pomwe amayamba kuiona kuipa.

Kabaza_Boss

Nde mwandivomereza madala kkkk, mwanena nokha kuti imawakomera. Ine sindikuti njirayi ndi yabwino, ndikuti palibe angaisinthe ali mkati modya. Ku Zambia a Lungu anasaina 50+1 mu January 2016 nkupulumuka ndi 50.35% mu August, tsitsi linatsala pang'ono kuyera, 2021 a Hichilema nkuwagudubuza. Wandale aliyense wa kuno anaona zimenezo. Mukawauza kuti sinthaninso za aphungu akuyankhani kuti taonani zinamuchitikira mnzathu.

MphunzitsiWopuma

A Lungu mu 2021 akanagwa ndi njira iliyonse mwana wanga, a Hichilema anapeza 59%. Lamulo silinawagwetse, anawagwetsa ndi anthu. Ndipo 2016 yo anapambana nalo lomwelo.

Nachisale_BT

Pepani ndalowerera mochedwa, abambo mwakamba zambiri koma palibe watchula za amayi. Lipoti lomwe aphunzitsi akunenalo la 2017 linalinso ndi ganizo loti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando umodzi wopikisana amayi okhaokha, ganizo limenelo linafera mnjira osafika ndi pokambidwa bwinobwino. Mu 2014 amayi analowa 32 okha mwa 193, mu 2019 anakwerako koma osafika 50. Ife ndi amene timadzadza misonkhano, kuvina kutsogolo kwa nsanja fumbi lili kobo, pamzere wovota ambiri ndi ife, koma mnyumba muja tili ngati alendo.

Mchemwali wanga wina anayeserapo ukhansala. Tsiku la mapulaimale anthu amaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, mzere wake unali wautali aliyense akuona, kenako kunabwera lole ziwiri za anyamata osadziwika mderalo nkukaima kumbuyo kwa bambo winayo, owerenga nkuyambira komweko, pofika kwa iye akuti kwada tiwerenga mawa. Mawa lake anangomva pa wailesi kuti wapambana ndi winayo. Anabwera kunyumba chitenje chachipani chili mmanja osati mchiuno, mpaka lero safuna kumva za ndale. Nde kaya musintha kukhala mndandanda kaya zosakaniza za ku Lesotho, ngati zipani mkati mwake zikuyenda chonchi palibe chomwe chisinthe, amene amatuma malole aja ndi amene azilembanso mndandanda. Ine ndingathandize njira yosakanizayo pokhapokha lamulo litanena kuti pa mndandanda dzina la mayi lizitsatana ndi la bambo, ndipo mapulaimale azikhala a voti yachinsinsi osati zoima kumbuyo kwa munthu mfumu ikukuyang'ana.

Chipani cholamula chitabweretsa zimenezi sichingaluze kanthu, mavoti a amayi chikhoza kuwapeza ochuluka kuposa omwe chimagula ndi mchere ndi sopo.

MlongoWaKuJoni

Achemwali apo nde mwalasa. Kuno ANC imayesetsa kusakaniza amayi ndi abambo pa mndandanda wake ndi chifukwa chake amayi mnyumba ya malamulo ndi ochuluka kuposa kwathu kutalitali, mbali imeneyo ndiwayamikire. Koma ndi lamulo la chipani chawo, si la dziko.

WaKuNtchisi

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri kuposa mmene ndimayembekezera, za gawo 64 zo ine sindimadziwa nkomwe kuti tinali nalo. Panopa ndapendekera kwa aphunzitsi kuti chipani cholamula chiyenera kuyambitsa chokha nthawi ikadalipo, koma mantha a mlongo wa ku Joni ndawatenganso, mndandanda wolembedwa ku likulu ine ayi. Chomwe chikundivutabe ndi agogo anga, iwo amavota poyang'ana chizindikiro, tambala kaya chimanga kaya manja ogwirana, ndipo mapepala atatu omwe timalandira kale aja amatuluka mkachipinda akufunsa kuti lachitatu lija linali la ndani. Tikawonjezera lachinayi la chipani si ndiye mavoti owonongeka achuluka? Aphunzitsi ku Lesotho ko amachita bwanji?

MphunzitsiWopuma

Poyamba amapereka mapepala awiri, la munthu ndi la chipani, koma zitachitika zachinyengo za 2007 zija anasintha, kuyambira 2012 pepala ndi limodzi, ukavotera munthu voti yomweyo amaiwerengeranso chipani chake pogawa mipando 40 ija. Nde agogo ako azichonga kamodzi momwe amachitira kale, masamu otsalawo ndi a MEC. Ukapitanso kumudzi ukawafotokozere choncho akulu a pa siwa aja, undiuze kuti ayankha zotani.